Belu la Pakhoma

Nyumba imene kampani ya madzi inawapatsa inali ya zipinda ziwiri, khonde loyang'ana paipi yaikulu yochokera kudamu, ndi foni yopukusa pakhoma la pabalaza. Foniyo inali bokosi lathabwa lodetsedwa ndi utsi wa anthu amene anakhalamo kale, mabelu awiri pamutu ngati maso a chule, chopukusira m'mbali, ndi cholankhulira cholemera chimene chingwe chake wina anachimanga ndi kansanza pamene chinasupuka. Tsiku limene anafika, khanda lili kumsana, make Kapitawo anaiyang'ana nafunsa mwamuna wake ngati limenelo linali bokosi losungiramo mchere. Mwamunayo anangoti atulutse foni yake ya m'manja aone. Anaitulutsa. Netiweki inali zii, ngakhale kamzere kamodzi.

M'chigwa monsemo zinali choncho. Kampani inagulapo mawailesi olankhulirana, koma anafa onse ndi mvula yoyamba. Inalonjeza zomanga nsanja paphiri, nsanjayo inathera m'misonkhano. Chimene chinakana kufa ndi nthambo imodzi yakale yoyenda pamitengo motsata paipi, kuyambira kuofesi ya kumunsi, kudutsa nyumba za antchito zomwazikana m'chigwamo, mpaka kunyumba ya mapampu kudamu. Kumeneko n'kumene mwamuna wake ankagwira ntchito. Ankagona komweko pafupi ndi mainjini, ndipo ankatsika pokhapokha womulandira akakwera. Womulandirayo anali munthu wa zifukwa: lero mwendo, mawa maliro, mkucha mwendonso.

Popeza nthambo inali imodzi, foni ikalira inkalira m'nyumba zonse, ndipo aliyense ankangomvetsera kaliridwe kake. Kamodzi kotalika kunali kuofesi. Katatu kofupika kunali kuthanki. Kwa make Kapitawo kunali kawiri kofupika ndi kamodzi kotalika: ngri, ngri, ngriiii. Lamulo linali lakuti ya mnzako osanyamula. Lamulolo aliyense ankalidziwa bwino, n'kumanyamula. Ukangoti halo unkamva kuti kwe, kwe, kwe, ngati anthu akulowa m'nyumba mwako osaodira n'kukhala tsonga m'mbali mwa khoma osanena kanthu. Ndipo omvera akachuluka, mawu a woimba ankachepa, monga amachitira madzi a pampopi anthu ambiri akatsegula nthawi imodzi.

Anansi akewo sanawaonepo nkhope, chifukwa nyumba yapafupi inali kuseri kwa chitunda. Ankawadziwa ndi makutu. Kwa wina kunkamveka makina osokera amene ankaima mwadzidzidzi nkhani ikafika pokoma. Kwa wina kunali kamwana ka mbuzi kosatopa kulira. Mkazi wa mlonda wa kuthanki ankayesetsa kubisala, koma chifuwa chinkamuulula, ndipo bambo a Kapitawo ankamutcha a Chifuwa. Nthawi zina pakati pa nkhani ankangoti, "Mwaswera bwanji a Chifuwa?" Munkamveka kuti kwe, kenako pakapita kanthawi kwe, abwereranso.

Mwanayo dzina lakuti Kapitawo anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa chibadwire ankagwiritsa anthu ntchito osapuma iye ali chigonere. Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, bamboyo ankapumitsa injini imodzi kuti phokoso lichepe, n'kupukusa foni. Akafunsa za nkhuni, za mafuta a nyale ndi za denga limene linkadontha pakona, ankati, "Tsopano ndipatse abwana." Mayiyo ankamunyamula mwanayo m'chiuno n'kumuika cholankhulira pakhutu. Ndiye bamboyo ankapereka lipoti lonse la tsikulo mwaulemu: madzi akwera pang'ono bwana, pampu yachiwiri ikutentha bwana, anyani abanso sopo bwana, ndapempha nsapato zatsopano koma sanandiyankhe bwana. Akatha lipoti ankaimba kanyimbo kongopeka yekha, mawu ake okhuthala ngati munthu wolankhulira m'chidebe.

"Abwana ati chiyani?"

"Amwetulira."

Tsiku lonse la make Kapitawo linkalunjika pa nthawi imeneyo. Ankachapa matewera, kusesa, kutsuka mbale ziwiri zomwezo, kuima pakhonde kuona ngati lole ya kampani ingadutse, khutu lili pakhoma. Analinso munthu wa mantha chibadwire. Mwana akagona nthawi yaitali ankapita kukaika chala pamphuno pake. Akatsokomola kamodzi ankamugwira pamphumi kasanu. Mwamuna wake ankamuseka kuti akanamaliza sukulu ya unamwino odwala akanathawa.

Chinayamba ngati chinthu chonyadira. Masana ena Kapitawo anagona pamphasa pansi penipeni pa foni. Belu linalira katatu, la kuthanki, ndipo mayiyo anadzidzimuka mpaka kutaya madzi a m'kapu. Mwanayo sanagwedeze ngakhale chikope. Madzulo anamuuza mwamuna wake kuti abwana amagona ngati mwala, ndipo bamboyo anati n'chimene amadziwira kuti ndi bwana weniweni.

Koma tsiku lina mwanayo anali maso. Anali atakhala pamphasa, msana kukhoma, akumenyetsa supuni pa bondo lake. Belu linalira. Nkhuku imene inali pakhomo inauluka kuti phuu. Kapitawo anapitiriza ndi supuni yake, malovu akutsika pachibwano, ngati kuti m'nyumbamo simunachitike kanthu. Mayiyo anaima ndi tsache m'manja.

Kuyambira tsikulo anayamba kumuyesa mobisa, ngati munthu wofufuza mwana wa eni. Ankamuzembera kumbuyo n'kuomba m'manja. Ankamenyetsa zivundikiro za mapoto. Ankamuitana ndi dzina lake, ndi maina ena onse amene amayi amaitanira ana awo. Nthawi zina mwanayo ankatembenuka, ndipo mayiyo ankamunyamula n'kumuvinitsa m'nyumba monse, akudzitukwana kuti ndi chitsiru chokonda kudziopseza. Koma akakhala pansi n'kuganiza bwino ankakumbukira kuti dzuwa linali kumbuyo kwake, chithunzithunzi chake chinagwera patsogolo pa mwanayo. Kapena anaponda mwamphamvu, simenti inanjenjemera. Ndiye ankayambiranso, atavula nsapato, atatseka chitseko. Anakumbukiranso kuti mwanayo poyamba ankapanga timawu take, koma masiku ano ankangokhala chete kapena kukuwa. Anakumbukira malungo aakulu amene anamugwira nthawi ya mvula, mlatho utakokoloka. Anakumbukira zambiri, zina zimene mwina sizinachitike n'komwe.

Madzulo foni inkalirabe. Bamboyo ankapereka lipoti, ankaimba, ankafunsa kuti abwana ati chiyani. Mayiyo ankayankha monga kale. Akanatani? Nkhani yotere imafuna kuti munthu ukhale naye pamphasa, chitseko chotseka, uzimuona m'maso pamene ikumulowa. Sanafune kuti makina osokera aime chifukwa cha mwana wake. Anafunsa kuti womulandira akwera liti, ndipo anauzidwa kuti mwendo wayambanso.

Anaganiza kuti ayese komaliza ndi belu lomwelo, chifukwa m'nyumbamo munalibe china chosokosa kuposa ilo. Koma akapukusa yekha mwanayo ankaona mkono ukuyenda. Panafunika munthu wina woimba. Chibwerere anali asanaimbirepo nyumba ina iliyonse. Anapukuta manja pa nsalu, napukusa katatu kofupika.

A Chifuwa ananyamula asanamalize n'komwe. Mawu awo anali a munthu wamkulu, ofewa kuposa chifuwa chawo. Make Kapitawo anawapatsa moni wautali wa munthu wochita manyazi, kenako anapempha kuti akaika foni adikire pang'ono, ndiye amuimbire, aone ngati belu lake likulira bwino.

"Belu lanu lavuta liti, mwananga? Dzulo lomweli munanyamula msangamsanga."

A Chifuwa anazindikira zimene anena, natsokomola. Make Kapitawo anati likumveka ngati lamasuka. A Chifuwa sanafunsenso.

Mayiyo anamukhazika Kapitawo pampando pansi pa bokosilo, atamutchingira ndi mapilo, mabelu ali pamwamba penipeni pa mutu wake. Anamupatsa chipewa cha bambo ake kuti azisewera nacho. Iye anakhala pansi patsogolo pake, manja pamiyendo, nkhope ataiumitsa kuti isaonetse kanthu. Anadikira. Kunja njiwa inkalira.

Ngri, ngri, ngriiii.

Phokosolo linamulasa mayiyo m'mano. Kapitawo anali kuluma mlomo wa chipewa. Analeka, nachiyang'ana, nachilumanso mbali ina.

A Chifuwa anaimbanso kachiwiri, motalikitsa. Mayiyo anadzuka, nanyamula, nati lalira, zikomo kwambiri amayi. A Chifuwa anati mawu anuwo bwanji, kuli bwino kumeneko? Iye anaika foni.

Munthu amene sanaimbirepo aliyense akaimba kuthanki masana, chigwa chonse chimadziwa kuti kuli nkhani. Madzulo ake belu lake litalira, anamva kwe, kwe, kwe, kwe, kuposa masiku onse. Mawu a mwamuna wake anabwera ochepa ngati ulusi. Anafunsa za nkhuni. Anafunsa za denga. Atati ndipatse abwana, mayiyo sanasunthe. Anayandikiza pakamwa pa cholankhulira, nachitchinga ndi dzanja, nanong'ona kuti mwanayu akumuona ngati sakumva.

"Kweza mawu, uli kutali."

Anabwereza.

"Mayi, ndikungomva mphepo. Abwana atani?"

Anatseka maso. Mawu amene anawasunga mumtima nthawi yonseyi, amene ankafuna kuwanena motsitsa, atagwira dzanja la mwamuna wake, anawakuwa ngati munthu woitana wina kutsidya la mtsinje. Anati mwana sakumva. Anati belu sakulimva, mapoto sakuwamva, iye mwini sakumumva, ndipo zayamba kale.

Makina osokera anaima. Ngakhale kambuzi kaja kanakhala ngati wina wakagwira pakamwa. Kumtunda kunkangomveka injini imodzi ikuguguda.

Bamboyo atalankhula, anati kwawo kulibe zimenezo. Anati mkazi wakeyo amadziwika ndi kale kuti ndi wamantha, mwana akayetsemula amaona maliro. Mayiyo anamuuza za mpando ndi mapilo ndi chipewa. Ndiye bamboyo anafunsa, mawu atasintha, kuti nanga kumwetulira konse kuja? Mayiyo asanayankhe, bamboyo anati injini ikumufuna, naika foni.

Mawa lake dzuwa linapendeka, belu lake silinalire. Masana linali litalira la kuofesi, ndipo mayiyo anadziwa kuti ndi mwamuna wake akupereka lipoti lenileni kwa abwana enieni. Linalira la kuthanki. Lake ayi. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ankaima pafupi ndi bokosilo dzanja lili pa chopukusira, koma osapukusa. Akanamuuza chiyani chimene sanamuuze? Ndipo akanapukusa n'kusayankhidwa, nyumba zonse zikanamva kuti wapukusa ndipo sanayankhidwe. Kapitawo ankakwawa n'kudzagwira mwendo wake, akumuyang'ana kumaso ndi maso ake aakuluwo. Tsopano mayiyo anamvetsa chifukwa chake mwanayo sankamuchotsa maso.

Lole yobweretsa mankhwala a madzi kuthanki ikubwerera, mayiyo anaima pamsewu mwana ali kumsana, chikwama m'manja. Adalaivala anaimitsa asanakweze n'komwe dzanja. Sanafunse kumene akupita. Anachotsa zitsulo ndi jekete pampando, nati khalani bwino amayi, msewu ndi woipa. Atanyamuka anatseka wailesi. Patsogolo pang'ono anamuyang'ana mwanayo, naitsegulanso, kenako anaitsekanso. Ulendo wonse analankhula za matayala.

Kuchipatala anakhala pabenchi pakati pa amayi ena amene ana awo ankatembenuka chitseko chikangoti gwa. Anesi anali munthu wotopa koma wosafulumira. Anamuyang'ana mwanayo m'makutu ndi katochi, anamuika kachipangizo khutu ili kenako ilo, akuyang'ana timagetsi take. Anafunsa za malungo aja. Pomaliza anati mayi simunalakwitse, maso anu anaona zoona. Anati apite naye kuchipatala chachikulu, kumene angayeze bwinobwino n'kuona ngati tothandizira kumva tingamuthandize, chifukwa ana ena timawathandiza. Anati pakali pano azilankhula naye ali patsogolo pake, poyera, kuti aziona pakamwa ndi manja. Onse a m'nyumba azitero.

"Bambo ake alipo?"

"Alipo. Ali kuntchito."

Potuluka, foni ya m'manja imene inagona m'chikwama nthawi yonseyi inadzuka n'kuyamba kunjenjemera. Mauthenga anakhamukira, ambiri a kampani ya mafoni yomuuza kuti yamusowa. Anaima pamthunzi wa mpanda atagwira kafoniko. Apa akanatha kuimbira aliyense padziko, popanda womvera, kupatula munthu mmodzi amene ankamufuna. Anaimbira amayi ake. Amayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nausa moyo, nafunsa kuti nanga bamboyo wati chiyani. Atamva kuti sanati kanthu, anati amuna ena nkhani zotere zimawathamangitsa, asadabwe. Anati chipinda chake chija chilipo, angochotsamo matumba, ndipo chipatala chachikulu chili pafupi ndi kwawo kuposa kuchigwako. Make Kapitawo anati wamva.

Anagona kwa mlamu wake wa m'tauni osamuuza chimene wabwerera, ndipo m'mawa mwake anakweranso lole. Anafika masana, napeza nkhuku zitalowa m'khitchini. Anasesa, anachapa matewera a paulendo, nawayanika. Anatulutsa chikwama chachikulu pansi pa bedi, nachipukuta fumbi, nachisiya chotsegula osaikamo kanthu.

Dzuwa litapendeka belu linalira. Kawiri kofupika, kamodzi kotalika.

Ananyamula. Kwe, kwe, kwe. Sanasamalenso.

Bamboyo sanafunse za nkhuni. Anati wamva kuti anapita kuchipatala, adalaivala auza mlonda, mlonda wauza iye. Mayiyo anamufotokozera zonse zimene ananena anesi, mokweza, liwu ndi liwu, ngati akuwerenga m'kalasi. Bamboyo anamvetsera osamudula.

"Unandisiya ndikuimba," anatero pomaliza. "Chigwa chonse chikumvera, ine ndikuimbira bokosi. Iwe n'kumati amwetulira."

"Ankamwetulira."

"Usandinamizenso, make Kapitawo."

"Sindikunama. Inu mukamaimba ine ndinkaseka, chifukwa kuimba simudziwa. Iye ankayang'ana ine."

Kumtunda kunamveka ngati munthu akupumira m'mphuno, kuseka kapena china. Kenako anafunsa motsitsa, moti mayiyo anachita kukanikiza cholankhulira kukhutu, ngati ndiye kuti mwanayo sakumudziwa. Mayiyo anati mwanayo anaona bambo ake komaliza asanayambe kukhala tsonga yekha, ndiye angamudziwe bwanji. Anati pafoni palibe chimene angamupatse, ngakhale ataimba mpaka kukhosi kuuma. Mwanayo amadziwa nkhope basi. Ndipo anamuuza kuti amayi ake akuti abwerere kwawo.

"Ndiye wati chiyani?"

"Ndati ndimve kaye kwa inu."

Injini inaguguda nthawi yaitali. Kuthanki wina anatsokomola, nayesa kubisa.

"Ika foni, ndikufuna nthambo."

"Mukuimba kuti?"

"Kuofesi. Andipezere wondilandira, aliyense. Apo ayi atumize munthu adzatenge makiyi awo."

"Aweruka kale kuofesi."

"Ika foni, mayi."

Anaika. Anamutola Kapitawo pamphasa, nakhala naye pampando atamuyang'anitsa kwa iye. Pamwamba pa mitu yawo belu linalira kamodzi, kotalika, kotalika kuposa mmene lamulo linkafunira. Linasiya. Mayiyo anadziwa kuti tsopano mwamuna wake waika cholankhulira kukhutu, akumvera chipinda chotseka chimene munali matebulo okhaokha. Kapitawo anakweza dzanja namugwira mayi ake pamilomo.

Belu linaliranso. Kunja kunayamba kuzizira, ndipo matewera anali akadali pachingwe. Sanadzuke kukawanula. Linasiya, panapita kanthawi, linaliranso.